Robert Laws wa ku Bandawe, Mmisiri Amene Anayambira pa Kunola Zida

Kuno kunyanja kulibe khomo lopanda mpeni. Mayi amasendera chinangwa asanakachiviike kuti chidzakhale kondowole, msodzi amatumbulira nsomba ndi kudulira chingwe cha ukonde, wosema bwato naye ali ndi kasemasema wake amene salola mwana kumukhudza. Mipeni yambiri imene tili nayo ndi yogula m'sitolo, yonyezimira koma yosachedwa kubuntha. Ilipo ina yakuda, yosakongola, yosulidwa ndi munthu amene timamudziwa dzina, ndipo imeneyo ikasowa mwini wake amazungulira mudzi wonse kuifunsa.

M'gawo lino la maphunziro athu tikulingalira chiphunzitso cha Bahá'u'lláh chakuti aliyense akhale ndi ntchito kapena luso, ndi kuti ntchito yogwiridwa ndi mtima wotumikira ena imawerengedwa ngati kupembedza Mulungu. Chiphunzitsochi chili m'buku la Kitáb-i-Aqdas, limene linavumbulutsidwa ku 'Akká cha m'ma 1873. Munthu amene tiwerenge mbiri yake lero sanali Mbahá'í. Anali mbusa wa Chikhristu wa ku Scotland, dokotala komanso kalipentala, amene anafika pa nyanja yathu mu 1875 ndipo anakhala zaka zambiri pa Bandawe, makilomita ochepa kum'mwera kwa Chintheche. Tawasankha chifukwa anakhulupirira ntchito ya manja ndi mtima wonse, ndipo zimene anakhoza ndi zimene anaphonya tikukhala nazo mpaka lero.

Tisanafike kwa iwo, tiyambe taima pa chipala cha wosula zitsulo, pakuti wosaona m'mene mpeni umabadwira zina za m'mbiriyi zimudutsa.

Wosula wa masiku ano sayenga chitsulo kuchokera ku miyala. Amafuna chidutswa cha sipuling'i ya galimoto yakufa kapena tupa wakutha mano, chifukwa zitsulo zimenezi zili ndi kaboni wokwanira kuti zilimbe. Msomali kapena lata, ngakhale muziviike kakhumi, sizigwira ukali. Amakoleza makala a mtengo wolimba, mnyamata akupopa mvukuto, ndipo chitsulo chikafiira amachitola ndi mbaniro n'kuchiika pa chidutswa cha njanji. Amayamba ndi nsonga, kenako amapyapyalitsa mbali yodulira, pomaliza amatulutsa mchira umene udzalowa m'chigwiriro. Kufiira kukazilala amabwezera pamoto, chifukwa chitsulo chomenyedwa chitazizira chimang'aluka m'kati mosaoneka. Apa ndi pamene mpeni wosulitsa umasiyanirana ndi wa m'sitolo: wosula amafunsa kaye ntchito yake. Wosendera chinangwa ukhale waufupi, wotumbulira kampango ukhale wautali ndi woonda, ndipo chigwiriro cha mlombwa kapena muwanga chisemedwe molingana ndi dzanja la mwini wake, kaya ndi wamanzere.

Akaukonza ndi tupa, amautenthanso mpaka maginito ataleka kumata, n'kuuviika m'mafuta nsonga ili pansi, mosapendeketsa. Ukatuluka m'menemo tupa amangoterera pamwamba pake. Wosadziwa angati ntchito yatha, koma mpeni wotere ukagwa pamwala umathyoka ngati botolo. Choncho amaupukuta mbali imodzi kuti iwale, n'kuufunditsa pang'onopang'ono kuyambira kumsana, maso ali pa mtundu umene ukuyenda pachitsulopo. Umayamba ngati udzu wouma, kenako umadera, kenako umasanduka wobiriwira ngati thambo. Mpeni uyenera kuchoka pamoto mtundu wa udzu wouma ukangofika ku mbali yodulira. Akauchotsa msanga umabenthuka, akachedwa nawo umafewa ndipo sugwiranso ukali. Zimenezi saziwerenga m'buku. Amazidziwa ataononga mipeni ingapo mmisiri wamkulu ali pambali pake.

Robert Laws anabadwa pa 28 May 1851 mumzinda wa Aberdeen. Bambo awo anali mmisiri wa matabwa, wopanga makabati ndi mipando, ndipo banjalo silinali lachuma. Mnyamatayo anasiya sukulu ya masana adakali wamng'ono n'kuyamba kuphunzira ntchito ya bambo ake. Mu ntchito imeneyi munthu sapita patali asanadziwe kunola, pakuti chida chobuntha chimang'amba thabwa ndi kuvulaza mwini. Usiku ankapita ku sukulu ya madzulo. Atawerenga za maulendo a David Livingstone, mtima wake unagwidwa ndi nkhani ya Amakololo amene ankayenda ndi Livingstone, ndipo ankapemphera kuti Mulungu adzamutume kwa anthu amenewo. Analowa ku yunivesite ya Aberdeen, naphunzira maphunziro a onse, kenako udokotala ndi ubusa. Asanamalize anatumikirako m'zipatala za odwala nthomba ku Glasgow, malo amene ambiri ankawathawa.

Livingstone anamwalira mu 1873 kwa Chitambo, ndipo mpingo wa Free Church of Scotland unaganiza zomukumbukira potsegula mishoni pa nyanja ino. A Laws anali a mpingo wina, wa United Presbyterian, koma mpingo wawowo unawabwereketsa. Gulu limene linanyamuka mu May 1875 motsogozedwa ndi E. D. Young linali la amuna 8. Tikaona ntchito zawo timadziwa maganizo a amene anawatuma: munali kalipentala George Johnston, amisiri awiri a injini ndi zosulasula John McFadyen ndi Allan Simpson, mlimi, ndi mmalinyero. Wodzozedwa ubusa anali a Laws okha, ali ndi zaka 24.

Anabwera ndi sitima yaing'ono yachitsulo yotchedwa Ilala, yopangidwa mwakuti itha kumasulidwa mabawuti. Anailumikiza pamene Zambezi amathira m'nyanja yamchere, nakwera nayo mtsinjewo ndi Shire mpaka pa mathithi. Pamenepo anaimasulanso, ndipo anthu mazana ambiri anasenza zidutswa zake pamutu mtunda wa makilomita pafupifupi 100, m'njira ya miyala, dzuwa lili pamutu. Amene anasonkhanitsa onyamulawo anali mafumu a Amakololo aja, amene anatsala ku Shire Livingstone atapita. Palibe chidutswa chimene chinasowa. Mabuku amakonda kutamanda azungu amene anamanga mabawuti, koma ife tisaiwale mitu ndi mapewa zimene zinasenza. Pa 12 October 1875 sitimayo inalowa m'nyanja. Ilala imene imaima pa Nkhata Bay masiku ano, imene inayamba kuyenda mu 1951, inatenga dzina kwa iyo.

Anamanga msasa pa Cape Maclear. Kumeneko, mu 1876, kunabwera mnyamata wa chotupa pamwamba pa diso. A Laws anamugoneka ndi mankhwala a chloroform, natenga kampeni kawo ka udokotala n'kuchotsa chotupacho, anthu akuonerera. Wodwalayo anadzuka osamva kuti wachekedwa. Mbiri inawanda m'mbali mwa nyanja yakuti kuli mzungu amene amapha munthu, kumucheka, n'kumudzutsanso. Akuluakulu amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo tsiku limenelo mwambiwu unaoneka ndi maso. M'nthawi imene chitsulo chakuthwa chinkabweretsa mantha, magulu a akapolo akuwolotsedwa panyanja kupita ku Kilwa, anthu anaona mpeni ukulowa m'thupi la munthu kuti achire.

Koma Cape Maclear anawadya. Matenda anatenga Dokotala William Black ndi mphunzitsi Shadrach Mngunana, mmodzi wa Axhosa 4 amene anachokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, ndi enanso pambuyo pawo. Pofika 1881 panali manda 5 ndi wobatizidwa mmodzi yekha, Albert Namalambe. Chaka chomwecho a Laws, amene tsopano anali mtsogoleri, anasamutsira mishoni ku Bandawe pamodzi ndi akazi awo, mayi Margaret Gray, amene anakwatirana nawo ku Blantyre mu 1879.

Dera lathu lino analipeza lili m'malinga. Atonga ambiri amene anali m'manja mwa Angoni a Inkosi M'mbelwa anali atathawa kumapiri n'kubwerera kunyanja cha m'ma 1875, ndipo asilikali amene anawalondola anagonjetsedwa pa mtsinje wa Chintheche, kufupi ndi linga la Mankhambira. Anthu ankakhala mothithikana, akudikira kubwezera. Zimene mafumu monga Marenga ndi Mankhambira ankayembekeza kwa mlendoyu n'zosabisika: mfuti, wonga, ndi mnzawo wa pankhondo. Sitingawadzudzule. Munthu amene mwana wake wagwidwa dzana safuna sileti ndi choko. A Laws anakana kulowa nkhondo ya mbali iliyonse, ndipo ena anawaona ngati munthu wouma mtima amene ali ndi chipala ndi amisiri koma osafuna kuthandiza pa tsiku la tsoka.

Iwo anasankha njira yaitali. William Koyi, Mxhosa wina wa ku Lovedale amene ankamvana chilankhulo ndi Angoni, anakakhala pa Njuyu pakati pa Angoniwo kuyambira 1882 mpaka imfa yake mu 1886. Zinthu zinafika poipa mu 1887, pamene Angoni anafuna kuti mishoni ichoke ku Bandawe ikakhale kwa iwo, kuti njira yopita kwa Atonga itseguke. Mu October chaka chimenecho a Laws anakwera mapiri kukakumana ndi Inkosi M'mbelwa ndi nduna zake. Anakana kusiya Bandawe, koma anavomera kuonjezera aphunzitsi ku Ungoni, ndipo mishoni ya Ekwendeni inatsegulidwa mu 1889. Nkhondo yaikulu imene anthu ankaiopa sinabwere. Ambiri a ife amene tili m'bwalo lino tili ndi magazi a mbali zonse ziwiri, ndipo mwina sitikanabadwa zikanapita kwina.

Pa Bandawe panali sukulu, chipatala, nyumba ya ukalipentala ndi makina osindikizira mabuku. A Laws anamasulira Chipangano Chatsopano m'Chinyanja, chimene chinatuluka mu 1886, ndipo mu 1894 anatulutsa buku lotanthauzira mawu a Chingerezi m'Chinyanja. M'nyumba mwawo munali chisoni chimene sankachionetsa. Mwa ana 8 amene mayi Margaret anabereka, anakula ndi mmodzi yekha, Amelia Nyasa, wobadwa mu 1886. Dokotala amene ankachiritsa ana a eni ake anaika ake m'manda mmodzimmodzi, m'mawa mwake n'kubwerera ku ntchito.

Maloto awo aakulu anali sukulu yophunzitsa mutu ndi manja pamodzi. Mu 1894 anayenda ndi Yuraia Chatonda Chirwa, Mtonga amene anagwira nawo ntchito moyo wake wonse, kukafuna malo okwera opanda malungo, napeza phiri la Khondowe. Pamenepo panamangidwa sukulu ya Overtoun. Anyamata ankalembedwa zaka zingapo kuphunzira ukalipentala, kumanga, kusema miyala, kusula ndi kukonza makina, kusindikiza mabuku, ndi kutumiza mauthenga pa lamya. Madzi a m'mipope anafika, msewu wa Gorodi wa makona 20 unasemedwa m'phiri kuchokera kunyanja, ndipo mu 1905 magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi anayaka pa Khondowe, pamene midzi yambiri ya ku Scotland inali ikuunikirabe nyali. A Laws sankavomereza maganizo a azungu ena akuti Mwafirika aphunzire zochepa zomuyenereza kukhala wantchito. Ankafuna kuti padzakhale yunivesite, ndipo anthu a bungwe la Phelps-Stokes amene anayendera sukulu za kuno mu 1924 anaona ngati akulakalaka zopitirira muyeso. Yunivesite ya Livingstonia inadzatsegulidwa mu 2003.

Apa tilankhule mosapsatira. Kuyeza ntchito za munthu amene anasintha dera lathu si miseche, malinga tikuchita mwachilungamo ndi mofuna kuphunzira.

Mlendo anabweradi ndi kalumo kakuthwa, koma eni mudzi sanali opanda malumo. Phiri la Khondowe lili m'dziko la Aphoka, amene ankadziwika kutali ndi luso loyenga chitsulo. Ankakumba miyala ya chitsulo, kuotcha makala, kumanga ng'anjo zadothi, n'kutulutsamo chitsulo chimene ankasula makasu, nkhwangwa, mikondo ndi mipeni. Makasu awo ankalowa m'malonda ndi m'malowolo. Livingstone yemwe, poyenda pakati pa Amang'anja, anaona ng'anjo ndi osula m'midzi yambiri ndipo anayamikira chitsulo chawo. Koma chipala cha pa sukulu ya mishoni chinatengera za ku Scotland, ndi zitsulo ndi zida zobwera pa sitima. Nthawi yomweyo masitolo a kampani ya African Lakes, imene timaidziwa kuti Mandala, yokhazikitsidwa mu 1878 ndi anthu a ku Glasgow ogwirizana ndi mishoni, ankagulitsa makasu ndi mipeni ya kunja pa mtengo umene woyenga wa kumudzi sakanapikisana nawo. Sitikunena kuti a Laws ndiwo anazimitsa ng'anjo za Aphoka. Tikunena kuti panali amisiri a mitundu iwiri pa phiri limodzi, ndipo luso la mmodzi linapatsidwa satifiketi pamene la mnzake linasiyidwa kuti lidzionere lokha.

Nanga amisiri a satifiketi aja anapita kuti? Kumpoto kuno kunalibe mafakitale kapena mizinda yoti iwalembe ntchito, ndipo anthu a m'midzi analibe ndalama zogulira kabati. Ambiri anatsika ku Blantyre, ena ku Salisbury, Bulawayo, Johannesburg, ndi ku migodi ya Katanga. Kumeneko ankasiririka, nakhala akapitawo ndi alembi. Clements Kadalie wa ku Chifira, kufupi ndi Bandawe, anaphunzira ku Livingstonia n'kukayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Timanyadira zimenezi. Koma mawu oti machona tikuwadziwanso, ndipo agogo athu aakazi ambiri anakalamba akuyang'ana kunjira. Sukulu inanola anthu bwino, ntchito yawo n'kukadulira minda ya eni.

Chinanso ndi ichi. A Laws ankakhulupirira kuti munthu asapatsidwe udindo asanayesedwe nthawi yaitali, monga m'mene iwo anayesedwera pa benchi la ukalipentala. Charles Domingo, amene William Koyi anamutola ali mwana ku Quelimane mu 1881 ndipo anakulira pakhomo pa a Laws, anamaliza maphunziro a ubusa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Anadikira chaka ndi chaka osadzozedwa, mpaka anachoka mu 1908 ali wowawidwa mtima. Eliot Kamwana wa kuno kwathu anasiya sukulu ya Overtoun mu 1901 pokana malipiro a sukulu amene mishoni inakhazikitsa. Atabwerako mu 1908 ndi chiphunzitso cha Watch Tower anabatiza anthu oposa 9,000 m'miyezi yochepa, ambiri a iwo otopa ndi kudikira zaka m'makalasi a ubatizo, ndipo boma la atsamunda linamuchotsa m'dziko mu 1909. Abusa oyamba achikuda, Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, anadzozedwa mu 1914, patatha zaka 39 chifikireni Ilala. A Mwasi nawo anadzapatuka mu 1933 n'kuyambitsa mpingo wawo kuno ku Utonga. Zigamulo zimenezi sizinali za a Laws okha, koma mawu awo ndiwo ankalemera pabwalo. Ife tikuona kuti anachedwa kuchotsa mpeni pamoto. Anthu amene anali okonzeka kudula anasungidwa m'makala mpaka ena anataya mtima.

Komabe munthu yemweyu ndi amene analimbikitsa ophunzira ake kuyambitsa mabungwe olankhulira anthu kwa boma, North Nyasa Native Association mu 1912 ndi West Nyasa Native Association ya kuno mu 1914. Pamene mipingo ya Livingstonia ndi Blantyre inalumikizana kukhala CCAP mu 1924, iwo ndiwo anasankhidwa kutsogolera msonkhano woyamba.

Tiime pano pang'ono tikambirane, popeza nkhaniyi ikutikhudza. M'chipembedzo chathu mulibe abusa odzozedwa, ndipo timati aliyense ayambe kutumikira akuphunzira, wina akuyenda naye. Kodi m'dera lathu zikuyendadi choncho, kapena alipo achinyamata amene anamaliza mabuku angapo koma sitinawapatsebe kalasi ya ana kuti aphunzitse? Ndipo tikamakonza zoti achisodzera athu aphunzire luso, kodi timayamba taona amene ali kale pakati pathu, wosula wa pamsika, wosema mabwato, mayi woumba mbiya, kapena timangoyembekeza mlendo wa galimoto? Wosula wa m'mudzi mwanu ali ndi zaka zingati, ndipo ndani amamupopera mvukuto?

Mayi Margaret anamwalira mu 1921. A Laws anachoka ku Khondowe mu 1927, atatumikira zaka 52, ndipo anamwalira ku London pa 6 August 1934. Anaikidwa kwawo ku Aberdeen, pa manda a tchalitchi cha St Machar's.

Ng'anjo zomalizira za kumpoto kuno zinazima cha m'ma 1930, zaka zomwezo. Osula anapitiriza ntchito yawo ndi zitsulo zotola, monga achitira lero. Mu 1982 ndi 1983 akatswiri awiri ofufuza, Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery, anafika kwa Chulu ku Kasungu ndi kwa Aphoka kufupi ndi Livingstonia, kufunafuna aliyense amene ankakumbukira kuyenga chitsulo. Anapeza madoda okalamba amene anaiona ntchitoyi ali anyamata, akuthandiza atate awo. Madodawo anakumba dothi, anatema mitengo ya makala, anafuna zitsamba zimene mwambo umalamula, namanganso ng'anjo patatha zaka zoposa 50, alendowo akulemba ndi kujambula chilichonse.